Kalata yotseguka: tiyesereni zitsamba zimene tikumwetsa nkhosa zathu

Olemekezeka,

Ndikulembera inu amene mumavomereza mankhwala a ziweto asanayambe kugulitsidwa, inu amene mumagawa ndalama za kafukufuku, komanso inu madotolo ndi alangizi a ziweto amene mawu anu timawakumbukira tikaima pakhomo la khola. Ndine woweta nkhosa chabe. Zimene ndikudziwa ndazidziwa pokwirira nkhosa zakufa ndi powerenga zimene anzanu a m'mayiko ena analemba. Paja wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundimvere mpaka kumapeto.

Ndikafunsa munthu wophunzira ngati masamba akutiakuti amapha njoka za m'mimba mwa nkhosa, amaseka n'kunena kuti zimenezo n'zachikale. Ndikafunsa wogulitsa mabotolo a zitsamba, amalumbira kuti ake amachotsa nyongolotsi zamtundu uliwonse tsiku limodzi, ndipo sangapweteke chiweto poti n'ngachilengedwe. Awiri onsewa sanawerengepo dzira ngakhale limodzi m'ndowe za nkhosa imene yamwa masambawo. Uyu akuseka, uyo akulumbira, ife nkhosa zikutithera m'khola.

Chaka china mvula itakhazikika, ana a nkhosa anga anayamba kutsalira m'mbuyo popita kubusa. Sankatsekula m'mimba, sankatsokomola, ankangofooka basi. Ndinawamwetsa albendazole monga ndinkachitira zaka zonse, koma sabata inatha popanda kusintha. Mnzanga wina woweta anandilangiza kuti ndisinje adyo pamodzi ndi nthanga za maungu, ndisakanize ndi madzi, ndiwamwetse m'mawa asanadye. Ndinatero. Tsiku lachitatu ndinaona tizidutswa toyera tophwatalala m'ndowe, mtima n'kukhala pansi kuti njoka zatuluka. Ndinauzanso ena kuti mankhwalawa ndi amphamvu. Ndikuvomera, bodzalo ndinafalitsa nawo. Sabata yotsatira awiri anafa, atatupa pansi pa chibwano ngati amangirira kathumba ka madzi, m'zikope muli mbee. Nditang'amba chifu chomaliza cha mmodzi, ndinapeza muli tinthu tonga ulusi tikuyendayenda, tina topotana mizere yofiira ndi yoyera. Tizidutswa toyera tija tinali ta njoka ina yaitali yophwatalala, imene imathothoka yokha kaya nkhosa yamwa mankhwala kaya sinamwe, ndipo kawirikawiri si imene imapha. Yakuphayo inali isanagwedezeke n'komwe.

Inu mukuidziwa ndi dzina lakuti Haemonchus contortus. Kutalika kwake ndi masentimita 2 kapena 3 okha, imakhala m'chifu chachinayi, ndipo imayamwa magazi. Mzere wofiira uja ndi matumbo ake odzaza magazi a nkhosa, woyerawo ndi thumba la mazira. Imodzi imatayitsa chiweto magazi pafupifupi mamililita 0.05 patsiku. Zikuoneka zochepa, koma zikakhala 5,000 ndiye kuti mamililita 250 akupita tsiku lililonse, pamene mwana wa nkhosa wa makilogalamu 20 magazi ake onse sakwana malita 2. Yaikazi imodzi imaikira mazira pakati pa 5,000 ndi 10,000 patsiku. Kukatentha ndi kunyowa, dzira limene lagwa ndi ndowe limasanduka kamphutsi kokwera pa udzu pasanathe sabata. Nkhosa ikakameza, pamatenga masabata atatu okha kuti nako kayambe kuikira. Mdani wotere sitingamugonjetse ndi nkhani za pamsewu. Pali inanso ya m'matumbo, Trichostrongylus, imene imatsekulitsa m'mimba, ndipo ndiitchulanso kutsogoloku chifukwa chimene chimapha imodzi sichikhudza inzake nthawi zonse.

Mwina mukuti ndikanangopita kukagula mankhwala ena. Ndinapitadi, ndipo otsalawo anapulumuka ndi levamisole. Koma mbiri ya mankhwalawa mukuidziwa kuposa ine. Thiabendazole anatuluka mu 1961, ndipo pofika 1964 kunali kutamveka kale za nyongolotsi zimene sizikufa naye. Ivermectin anabwera mu 1981, zaka za m'ma 1980 zisanathe ku South Africa anali atapeza Haemonchus yosamumva. Monepantel anatuluka mu 2009 anthu akumutamanda kuti ndi mtundu watsopano kotheratu. Mu 2013 ku New Zealand analengeza za nyongolotsi zomupirira. Mankhwala aliwonse atsopano timawalandira ndi manja awiri, n'kuwamwetsa gulu lonse mwezi ndi mwezi, nthawi zina pamlingo wongoyerekeza popanda sikelo, mpaka zimene zatsala m'busa ndi ana a nyongolotsi zolimba zokhazokha. Woweta akatembenukira ku masamba ndi makungwa, nthawi zambiri si umbuli. Botolo limene ankalidalira lamugwiritsa mwala.

Kwa inu amene mumaseka zitsamba, ndikukumbutseni pang'ono. Mu 2015 mphoto ya Nobel ya zamankhwala inagawidwa kwa William Campbell ndi Satoshi Ōmura chifukwa cha avermectin, gwero la ivermectin, amene anachokera ku tizilombo ta m'dothi, komanso kwa Tu Youyou wa ku China chifukwa cha artemisinin wa malungo, amene anamutulutsa m'chitsamba chotchedwa Artemisia annua atafufuza m'mabuku akale a asing'anga. Kuchibale kwa chitsamba chomwecho kunachokera santonin, amene anapatulidwa mu 1830 n'kukhala mankhwala a njoka za m'mimba mwa anthu kwa zaka zoposa 100. Mafuta a chomera chotchedwa chenopodium nawo ankaperekedwa kwa anthu ambirimbiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ndiye zoti m'chomera mungakhale chopha nyongolotsi si nthano. Koma kwa inu amene mumati chachilengedwe sichipweteka, mbiri yomweyo ili ndi mbali ina: santonin ankachititsa anthu kuona zinthu zonse zachikasu ndiponso kukomoka akamwa wochuluka, ndipo mafuta a chenopodium anaphapo anthu, makamaka ana. Onsewa anasiyidwa atapezeka ena osaopsa.

Pamene pali umboni wolimba kwambiri, mmene ndawerengera, si m'botolo ayi. Ndi m'chakudya, m'zomera zokhala ndi tanini. Tanini ndi chija chimene chili m'makungwa ofufutira zikopa, chimene chimaumitsa m'kamwa ukaluma chipatso chosapsa. Khalidwe lake n'kumamatira ku mapuloteni. Nkhosa ikadya masamba okhala naye pamlingo wabwino, pamachitika zinthu zingapo nthawi imodzi. Kamphutsi kamene kamezedwa ndi udzu kamayenera kuvula kachikopa kake kakunja kuti kakhazikike m'chifu, ndipo tanini amakasokoneza povulapo. Nyongolotsi zazikulu zimene zilimo kale zimayamba kuikira mazira ochepa, ndiye kuti busa silidetsedwa kwambiri. Chinanso, tanini amateteza mapuloteni a m'chakudya kuti asaphwanyike onse m'chifu choyamba, n'kufika kumatumbo kumene thupi limawayamwa bwino; nkhosa yokhuta mapuloteni imabweza magazi msanga ndipo imalimbana yokha ndi nyongolotsi. Chimene chinandikhutiritsa ine n'chakuti ofufuza sanangokhulupirira. Pali mankhwala otchedwa polyethylene glycol amene amamanga tanini kuti asagwire ntchito. Akawathira m'madzi a masamba omwewo, mphamvu yolimbana ndi nyongolotsi ija imachepa kapena kutheratu. Umenewo ndiwo umboni umene ndikufuna: osati wakuti agogo ankatero, osatinso wakuti buku la kusukulu silinatchule.

Ku New Zealand, mu 1995, ofufuza anadyetsa ana a nkhosa m'minda iwiri, wina wa msipu wa lucerne wina wa chomera chotchedwa sulla chimene chili ndi tanini. A m'munda wa sulla anakula bwino ndipo anali ndi nyongolotsi zochepa. Ku France, ofufuza a ku Toulouse akhala zaka zambiri akuyesa chomera china chotchedwa sainfoin pa nkhosa ndi mbuzi. Ku America, yunivesite ya Fort Valley State ya ku Georgia pamodzi ndi anzawo ayesa sericea lespedeza waiwisi, wouma, ngakhale wogaya n'kuumba timibulu, ndipo apeza kuti amachepetsa mazira a Haemonchus mooneka bwino. Palinso chicory, amene mphamvu yake sichokera kwa tanini koma ku zinthu zina zowawa za m'masamba ake, ndipo amathandiza makamaka pa nyongolotsi za m'chifu.

Mayina onsewa ndi okoma kuwamva, koma apa ndi pamene ntchito yanu ikuyambira. Sainfoin amakonda kozizirira ndi dothi la laimu. Woweta wa kotentha ndi konyowa, kumene Haemonchus imasangalala kwambiri, sangamudzale n'kupindula. Sericea lespedeza ku Kansas, ku America, anamuika m'gulu la zomera zowononga chifukwa amalanda mabusa, ndiye si mbewu yongoitanitsa chifukwa taiwerenga penapake. Dera lililonse lili ndi mitengo ndi zitsamba zake zokhala ndi tanini, monga mitengo ya mtundu wa mthethe, lukina, kapena masamba a chinangwa amene anayesedwapo pa mbuzi ku Asia. Koma tanini sali mtundu umodzi. Wa chomera ichi amagwira ntchito, wa chomera icho sachita kanthu, ndipo m'chomera chimodzi chomwe amasintha malinga ndi dothi, nyengo, kukhwima kwa tsamba ndi kaumitsidwe kake. Akachuluka, nthawi zambiri akadutsa magalamu 50 pa kilogalamu ya chakudya chouma, nkhosa imayamba kukana kudya ndi kuonda, zomwe n'kuthawa mvula n'kugwera m'dziwe. Nkhosa sinso mbuzi: mbuzi inazolowera kubudula masamba a mitengo, pamene nkhosa mutu wake umakhala pansi pa udzu, ndiye zimene zinayenda pa mbuzi musatiuze kuti tingozikopera. Ndipo mukasiya kudyetsa masambawo, mazira amayambanso kukwera. Ndani angatiuze chomera choyenera m'dera lathu, muyeso wake pa nkhosa imodzi, ndi masabata angati? Woweta alibe labotale. Inu muli nayo.

Nkhani ya mapapaya ndiyo imandiphunzitsa kwambiri. Anthu ambiri amamwetsa ziweto nthanga za mapapaya. Ku Arkansas, mu 2009, ofufuza a boma la America anayesa nthangazo pamodzi ndi adyo pa mbuzi ndi ana a nkhosa, ndipo sanaone phindu lililonse pa nyongolotsi. Koma mu 2011 ofufuza a ku Britain anamwetsa nkhosa madzi otengedwa mu utomoni wa mapapaya, uja woyera wotuluka ukacheka chipatso chosapsa, kwa masiku 4 motsatizana, ndipo Haemonchus inachepa kwambiri, chifukwa mu utomonimo muli zinthu zogaya khungu la nyongolotsi. Trichostrongylus ya m'matumbo ija inatsala ili bwinobwino m'nkhosa zomwezo. Mtengo umodzi, mbali ina yopanda ntchito, mbali ina yamphamvu, yamphamvuyonso ikupha mtundu umodzi n'kusiya wina. Ndiye munthu akangoti "mapapaya amapha njoka," wanena zoona ndi bodza mpweya umodzi. Ndipo sindikuti tithamange kukacheka mapapaya, poti utomoniwo umawotcha khungu ndi m'kamwa, ndipo ofufuzawo ankapima mphamvu yake asanamwetse.

Zolephera zilipo zambiri, ndipo ndikufuna zilengezedwe mokweza ngati mmene zopambana zimalengezedwera. Ku Kenya, mu 2004, anatenga zitsamba 7 zimene oweta amazidalira, kuphatikizapo nimu, n'kuzikonza monga momwe eni ake amakonzera, n'kumwetsa nkhosa zokhala ndi Haemonchus. Palibe chimene chinachepetsa mazira mokhutiritsa. Nimu yemweyo ku Malaysia anaoneka ngati akuthandizako, ku Brazil sanachite kanthu. Ofufuza a ku Kenya aja ndimawalemekeza kuposa ambiri, chifukwa analimba mtima n'kulemba kuti "tayesa, sizinagwire." Nkhani yotereyi ikanandifika chaka chija, bwenzi nditasiya kusinja adyo n'kuthamangira mankhwala ena sabata imodzi m'mbuyo, ndipo ana a nkhosa awiri aja mwina akanakhala nkhosa zoswa lero.

Pamenepa ndili ndi dandaulo kwa inu a m'masukulu aukachenjede. Chaka ndi chaka mumatulutsa malipoti akuti madzi a tsamba lakutilakuti apha mazira kapena mphutsi za nyongolotsi m'kambale ka mu labotale. M'kambale ngakhale mchere ndi sopo zimapha. Koma nkhosa si kambale. Zimene yameza zimayamba zagwera m'chifu chachikulu chodzaza madzi ndi tizilombo togaya, n'kusungunuka, n'kubzikulidwa, n'kuphwanyidwa, ndipo chofika kumene kuli nyongolotsi chingakhale chopanda mphamvu. Wophunzira amalandira digiri yake, lipoti limaikidwa pashelefu, ndiye tsiku lina wogulitsa amatola chiganizo chimodzi n'kuchisindikiza pabotolo kuti "asayansi atsimikiza." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musamapereke ndalama ya kafukufuku wa m'kambale popanda gawo lachiwiri loyesa pa nkhosa yamoyo.

Kuyesako si kovuta moti n'kutenga zaka khumi. Njira yowerengera mazira m'ndowe yotchedwa McMaster inakonzedwa ku Australia mu 1939 ndipo ikugwirabe ntchito: ndowe zopimidwa, madzi a mchere wambiri oti mazira ayandame, kagalasi kolemba mizere, ndi maikulosikopu wamba. Mumagawa nkhosa m'magulu a 10 kapena 15, gulu lina limwe chimene mukuyesa, lina lisamwe, n'kuwerenga mazira tsiku loyamba ndiponso pakatha masiku 10 mpaka 14. Malangizo a mu 1992 a WAAVP, bungwe la padziko lonse la akatswiri a tizilombo ta ziweto, ankati mankhwala a m'botolo akalephera kuchepetsa mazira ndi 95 pa 100, tiyambe kukayikira kuti nyongolotsi zasiya kuwamva. Ngati muyeso umenewu ulipo pa albendazole, n'chifukwa chiyani botolo la zitsamba limaloledwa kulemba kuti "limapha njoka zonse" popanda kuonetsa nambala ngakhale imodzi?

Sindikunena kuti chomera chilichonse chosafika 95 chitayidwe. Apa mpamene ndikusiyana ndi madotolo ena. Msipu umene ukuchepetsa mazira ndi theka n'chuma, chifukwa ukuchepetsa mphutsi zimene ana a nkhosa adzameze mwezi wamawa, ndipo ukutalikitsa nthawi pakati pa kumwetsa ndi kumwetsa. Kungoti umenewo si mankhwala ochiza. Ndi chakudya chothandiza. Tipatseni mayina awiri osiyana m'malamulo anu ndi pamapepala a pamabotolo, kuti woweta adziwe chimene chili m'manja mwake. Mwana wa nkhosa amene m'zikope mwayera kale, chibwano chatupa, sangadikire masabata atatu kuti tanini agwire ntchito. Ameneyo afunika mankhwala amphamvu lero lomwe, ndipo aliyense womuuza mwini wake kuti angodyetsa masamba akupha chiwetocho. Chimodzimodzi, amene amauza woweta kuti azingomwetsa gulu lonse mwezi uliwonse akupha mankhwalawo.

Za kuopsa ndisazisiye. Oweta ena amanyika fodya m'madzi n'kumwetsa nkhosa. N'zoona kuti mankhwala amakono asanabwere, nikotini wa m'fodya ankasakanizidwa ndi mchere wa kopa n'kumwetsa nkhosa, koma malire a mlingo wopha nyongolotsi ndi wopha nkhosa ndi opyapyala. Ikangochuluka pang'ono chiweto chimanjenjemera, kuchucha dovu, n'kubanika. Ombwe amene ena amamwetsa ndi yemwe uja amapha nsomba m'madzi. Lukina akakhala gawo lalikulu la chakudya amathothola ubweya chifukwa cha poizoni wake wotchedwa mimosine. Masamba a chinangwa aawisi ali ndi poizoni amene amachepa akafota kapena kuuma. Ngakhale adyo ndi anyezi zikachuluka zimaphwanya maselo ofiira a magazi, ndiye taganizani kuzipereka kwa chiweto chimene magazi ake akutha kale. Pabotolo la ivermectin pamalembedwa masiku oti mudikire musanaphe nkhosa kapena kugwiritsa ntchito mkaka wake. Pa madzi a fodya kapena ombwe palibe amene watiuzapo kanthu, pamene nyamayo ikudyedwa ndi anthu. Kamwetsedwe kenikeniko kamaphanso: kukweza mutu wa nkhosa m'mwamba n'kukhuthulira botolo lonse kukhosi kumalowetsa madzi m'mapapo. Zimenezi alangizi angaziphunzitse m'mphindi zochepa akanati asamathawe nkhani ya zitsamba ngati yochititsa manyazi. Koma poti woweta amadziwa kuti akaulula asekedwa, amamwetsa mobisa, nkhosa ikafa amati yafa ndi matenda osadziwika. Safunsa anadya phula, inde, koma nanga wofunsidwayo akamaseka, ndani angafunsenso?

Chida chimene chingagwirizanitse botolo ndi msipu chilipo kale. Ku South Africa, m'zaka za m'ma 1990, Faffa Malan, Gareth Bath ndi Jan van Wyk anakonza kakhadi kotchedwa FAMACHA, kokhala ndi mitundu 5 kuyambira kufiira mpaka kuyera. Umatsitsa chikope cha m'munsi cha nkhosa poyera, n'kuyerekeza ndi kakhadiko. Za pa 1 ndi 2 zili bwino, za pa 4 ndi 5 zimwe mankhwala, za pa 3 zimwe ngati ndi ana kapena zoyamwitsa. Nzeru yake ndi yakuti m'gulu lililonse nkhosa zochepa ndizo zimasenza nyongolotsi zambiri. Ukamwetsa zokhazo, nyongolotsi za m'nkhosa zosamwa zimatsala zisanakumane ndi mankhwala, n'kumakwerana ndi zolimba zija, ndipo mtundu wosamva mankhwala suchuluka msanga. Kakhadiko kamaona kuchepa kwa magazi kokha, sikaona Trichostrongylus, ndiye maso ayenera kupitanso kumchira, kumsana ndi kuchibwano. Koma taonani mmene zikugwirizanirana: gulu lonse lidye msipu wa tanini m'nyengo ya mvula, makamaka ana oletsedwa kuyamwa kumene ndi nkhosa zotsala pang'ono kuswa, zimene chitetezo chawo chimatsika panthawiyo; kakhadi kaonetse zimene zikufookabe; botolo lisungidwire zimenezo. Nkhosa imene ikubwerabwera pa 4 ndi 5 isasiyidwe kuti iswe, poti kupirira nyongolotsi kumayenda m'magazi, monga zimaonekera pa mitundu ya nkhosa ngati Red Maasai ndi St. Croix. Kakhadi kameneka oweta ambiri sanakaonepo ndi maso. Kodi kukasindikiza ndi kuphunzitsa anthu n'kodula kuposa nkhosa zimene tikukwirira?

Ndikudziwa chimene chimakulepheretsani. Kampani yopanga mankhwala imalipira kafukufuku chifukwa idzagulitsa botolo. Tsamba lomera kuseri kwa khola palibe amene angaligulitse, ndiye palibenso amene angalipire kuti liyesedwe, kupatula inu amene mumagwira ndalama za anthu. Ndiye chifukwa chake kalatayi ndalembera inu. Tumizani alangizi akafunse oweta, mwaulemu ndi mopanda kuseka, zimene amamwetsa, mbali yanji ya chomera, amakonza bwanji, amapereka zochuluka bwanji. Sankhani zimene zikutchulidwa kawirikawiri, muziyese pa nkhosa zamoyo, m'nyengo ziwiri zosiyana, muli ndi gulu loyerekezera. Zotsatira zake muzilembe m'chinenero chimene mbusa angawerenge, zogwira ntchito ndi zosagwira zomwe patsamba limodzi, zoopsa muzilembe ndi zilembo zazikulu. Zimene zapambana, tithandizeni kupeza mbewu yake ndi kadzalidwe kake. Ndipo eni nzeruzo muwatchule kuti zinachokera kwa iwo, musadzazibweze kwa ife zili m'botolo la dzina lachilendo.

Mukasowa pochitira kafukufukuyo, nkhosa zanga zilipo. Mvula ikayamba ndikhoza kupatula 10 mbali ino ndi 10 mbali inayo, ndizimange zingwe za mitundu iwiri m'khosi, ndizidula masamba amene mungasankhe ndi kuwapima pasikelo m'mawa uliwonse. Iliyonse imene m'zikope mungayere ndidzaichotsa n'kuimwetsa mankhwala, ndipo ndidzalemba tsiku lake m'kope. Chimene ndilibe ndi maikulosikopu, kagalasi ka mizere kaja, ndi munthu wodzawerenga mazira tsiku loyamba ndi tsiku la 14. Mutitumizire ameneyo.

Ine wanu,
Woweta nkhosa